BP siituluka limodzi ndi nsengwa

Ndakwiya ndipo sindibisa. Mlamu wanga ali ndi BP kuyambira asanatenge pathupi. Nthawi yonse ya sikelo anamwino ankamuyeza pamkono ulendo uliwonse, kulemba m'buku, kumuchenjeza za mchere. Wachira bwinobwino pa chipatala china kuno ku Salima, m'mawa mwake anamutulutsa. Patatha sabata wabwerera monga anamuuzira. Mwana anamuyeza, mchombo anauona, anafunsa ngati akuyamwa. Mayiyo? Ngakhale kumukhudza. Atadandaula mutu anangomuuza kuti, "Ndi kusowa tulo kumeneko mayi, kamweni panado." Panado! Munthu wa BP, mapazi atatupa mpaka patapata kukana kulowa!

Tandiuzeni, BP imatuluka limodzi ndi nsengwa? Shuga amatsala ku leba? Mwana akangolira aliyense maso pa mwana, mayi ntchito yake yatha. Chonsecho masiku oyambirira atachira ndi pomwe BP imatha kukwera koopsa, mayi n'kukomoka kapena kufa ziwalo ali m'chikuta. Akamwetulira atanyamula khanda timati ali bwino. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati mayi ndi mwana aonedwe tsiku loyamba, tsiku lachitatu, pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, komanso pa masabata 6. Mayi NDI mwana. Si mwana yekha ayi.

Musandiuze kuti sizingatheke. Chiyambireni Option B+ mu 2011, ndondomeko yoti mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa yemwe ali ndi HIV ayambe ma ARV a moyo wonse, mayi wa HIV salekereredwa. Ma ARV ake alipo, mwana amamwa nevirapine womuteteza ku HIV, mayi akajomba amamulondola mpaka kumudzi. Nanga wa BP analakwa chiyani? Wa shuga, wa khunyu, wa mphumu, si amayi amenewo? Wa shuga mankhwala ake amafunika kuwaonanso akachira, poti kuyamwitsa kumatsitsa shuga m'thupi. Palibe womuuza. Akafika kunyumba apongozi amudikirira ndi thobwa lothira shuga wodzaza supuni, ati mkaka ubwere. Wa khunyu kusagona kumamuutsira matenda, ndiye akusambitsa khanda yekha pafupi ndi moto. Ndani anamukhazika pansi n'kumuuza kuti pakhale munthu pambali?

Anamwino ndi ochepa, tikudziwa. Koma kumanga pamkono n'kuwerenga manambala kumatenga tsiku lonse? Buku lake lili m'manja mwanu, mwalemba nokha kuti ndi wa BP. Tsegulani tsamba lake, osati la mwana lokha!

Ndiye china chondinyansa: sikelo ya mwana tsiku lake, mankhwala a BP tsiku lina, kulera tsiku linanso. Mayi wa khanda wochokera kutali ngati ku Khombedza kapena ku Chipoka alipire kabaza katatu? Ndalama yake iti? Akavutikira n'kufika, akumuuza kuti makina oyezera BP mabatire atha, abwere Lachinayi.