Mzere wofiira uja muuonetsetse musanasaine

Abale anga amene muli ku England ndipo mukusunga ndalama zogulira nyumba yatsopano, ndiloleni ndilankhule zakukhosi. Tikapita kukaona nyumba yachitsanzo ija, maso amathamangira kukhitchini ndi kubafa. Inenso zinanditero. Pepala lofunika kuposa zonsezo ndinangolipenya mothamanga: mapu a puloti, okhala ndi mzere wofiira wozungulira malo amene ukugulawo.

Chili mkati mwa mzerewo ndi chako. Chili kunja si chako, ngakhale chitagundana ndi khoma la chipinda chako chogona. Pambali pa nyumba yanga pali kamalo ka kapinga kofika kumsewu. Chaka chathunthu ndinkatchetchapo, ndikuyesa kuti mpanga. Tsiku limene ndinafuna kuikapo mpanda ndi limene ndinauzidwa kuti malowo ndi a kampani yoyang'anira mudzi wonsewo, ndipo sindingakhomepo ngakhale chikhomo chimodzi. Zinandiwawa, chifukwa zonsezi zinali m'mapepala amene ndinasaina ndi dzanja langa.

Ndiye musaganize kuti mapu a HM Land Registry, ofesi ya boma yolembetsa malo, adzakuweruzirani mlandu wa malire. Lamulo la Land Registration Act 2002, gawo 60, limati malire a pa mapuwo ndi ongoyerekeza, sasonyeza penipeni pamene malo ako athera. M'matauni mapu ambiri amajambulidwa pa sikelo ya 1:1250, kutanthauza kuti milimita imodzi papepala ndi mita imodzi ndi kota pansi. Kunenepa kwa mzere wokhawo kungameze kanjira konse. N'chifukwa chake ndimati tengani pulani imene imabwera ndi fomu ya TP1, yosamutsira malowo m'dzina lanu, mupite nayo pamalopo makiyi asanaperekedwe, muyende nayo ngodya ndi ngodya. Mpanda uli pamene pulani ikunena? Poimika galimoto mpanu, kapena mwangopatsidwa chilolezo choimikapo? Tizilembo ta T tija ta m'mbali mwa mzere nthawi zambiri timasonyeza amene ayenera kusamalira mpandawo.

Koma chimene chimandisowetsa mtendere kwambiri ndi kampani ija. Kale womanga nyumba akamaliza, khonsolo inkatenga misewu ndi mabwalo n'kumasamalira. Njira yotengera misewuyo ilipobe, gawo 38 la lamulo la Highways Act 1980, koma masiku ano misewu yambiri, ngalande, magetsi a mumsewu ndi malo osewerera ana zimasiyidwa m'manja mwa kampani, eni nyumba n'kumalipira chaka ndi chaka. Bungwe la boma loona za mpikisano pa malonda, la Competition and Markets Authority, linapeza mu 2024 kuti nyumba 80 pa 100 zilizonse zimene makampani akuluakulu 11 omanga nyumba anagulitsa mu 2021 mpaka 2022 zinali ndi ndalama zoterezi. Msonkho wa khonsolo umalipirabe wonse, osachotserako kalikonse. Kwa ine uku n'kulipira kawiri, ndipo sindikuona chilungamo chake.

Funso loyamba kwa wogulitsa lisakhale lakuti "ndi zingati pachaka?" Chaka choyamba mtengo umakhala wofatsa. Funsani kuti: kampaniyi mwini wake ndani? Pali makampani ena amene mwini nyumba aliyense amakhala membala. Anthu a womanga amayamba ndiwo kuyendetsa, kenako nyumba yomaliza ikagulitsidwa amapereka udindo kwa okhalamo. Pamenepo mpata ulipo: mungathe kuona mabuku a ndalama, kuvota, ngakhale kuchotsa amene akugwira ntchito mwaulesi. Koma pali ena amene ndi bizinesi ya anthu apadera, dzina lawo linalembedwa kale m'mapepala a nyumba yanu. Amenewo kuwachotsa ndi ntchito yaikulu, ndipo mtengo akakweza, mawu anu ndi ochepa. Nyumba imatchedwa freehold, kutanthauza kuti nyumba ndi malo ake ndi zako mpaka kalekale, koma chingwe chili m'manja mwa wina.

Kufufuza kwake n'kwaulere. Lembani dzina la kampaniyo pa webusaiti ya Companies House, ofesi ya boma yolembetsa makampani, muone madairekitala ake ndi malamulo oyendetsera kampaniyo. Ngati akuti adzaipereka kwa okhalamo, loya wanu akuonetseni pamene zalembedwa, komanso nthawi yake. Mawu a pakamwa a wogulitsa sapita kukhoti. Loyayo afunsenso ngati mudzafunike satifiketi ya kampaniyo pogulitsa nyumba mtsogolo, chifukwa nayonso imalipiridwa, komanso chimene chingachitike mutachedwa kulipira. Mabanki ena amakana kupereka ngongole mpaka mawu a chilango cha wochedwa kulipira m'mapepalamo atasinthidwa.

Loyayo mudzipezere nokha. Womanga adzakulozerani wake, mwina ndi kakuchotserani mtengo pang'ono, koma inu mukufuna munthu amene sadzaopa kuchedwetsa malonda pofunsa za kamalo ka kapinga kali pambali pa khoma lanu.