Mneni "melden" umamanga ife alendo tokha

Abale amene mukukonzekera zobwera kuno ku Germany, lowezani mneni uwu musanakwere ndege: melden. Ndi umene udzakusowetseni tulo.

M'Chijeremani chamakedzana unali meldōn, ndipo unkatanthauza kuneneza munthu, kumuimba mlandu, ngakhale kumupereka kumene. Masiku ano amati ndi kudziwitsa chabe, koma ine ndimaona kuti ukali wake wakale sunathe. Mwana akakweza dzanja m'kalasi, er meldet sich. Mukadwala muimbire abwana m'mawa womwewo, ndiko sich krankmelden. Kontirakiti ikamapita kumapeto, mukadziwitse a ofesi ya zantchito kudakali miyezi 3, mukachedwa amakudulani sabata yathunthu pa ndalama zimene amapatsa anthu amene ntchito yawathera.

Chondiwawa kwambiri ndi anmelden. Lamulo limati mukalowa m'nyumba mukalembetse adiresi pasanathe masiku 14, apo ayi chindapusa chikhoza kufika ma euro 1,000. Kuyambira November 2015 sakulandirani opanda chikalata chosainidwa ndi mwininyumba, chija cha dzina lalitali ngati njanji, Wohnungsgeberbestätigung. Tsono taonani, zipinda zotchipa zimene ife tingakwanitse, zambiri pamalonda pake amalemberatu kuti "Anmeldung nicht möglich", kutanthauza kuti simungalembetse adiresi pamenepo. Kugona mugona, lendi mulipira, koma boma silikudziwani. Nambala ya msonkho sibwera, malipiro amatha kudulidwa msonkho wokwera kuposa onse, mabanki ena amakubwezani pakhomo.

Ngakhale chikalatacho muli nacho, vuto ndi tsiku. Ine ndakhala ndikudzuka mbandakucha, foni kumanja, chala chili kalikiliki patsamba la ofesi yolembetsera, likungondiyankha kuti malo adzaza. Tsiku likapezeka ndi la mwezi wamawa, masiku 14 aja atapita kalekale, mtima uli m'mwamba. Mukangolembetsa, kalata yofuna ma euro 18.36 pamwezi a wailesi ndi TV imakupezani msangamsanga, kaya TV muli nayo kaya mulibe. Kumeneko sachedwa.

Ndiye mumve eni dziko akaugwiritsa ntchito mneni womwewu: "Wir melden uns", kapena "Ich melde mich", kutanthauza kuti tikuimbirani. Pamenepo palibe masiku 14, palibe chindapusa. Mayi wina atandionetsa chipinda, tinagwirizana mtengo, ndinamupatsa zikalata zonse za malipiro anga. Atatsegula pasipoti yanga nkhope inasintha, anangoti "Ich melde mich" n'kunditsegulira chitseko. Sanaimbe, sanalembe, ndipo sabata yotsatira chipinda chomwecho chinali chikulengezedwabe pa intaneti pamtengo womwewo. Akanangondikanira pamaso ndikanapita kukafuna kwina tsiku lomwelo, osataya nthawi imene lamulo lawo lomwe likundiwerengera.