Lekani kuwagulira kachasu kuti muziwaseka

Lero ndapsa mtima ndipo sindibisa. Pa Lizulu, kuseri kwa amayi ogulitsa kachewere, ndapeza anyamata anayi akugulira kachasu bambo wina amene anali msilikali, ati awagubire. "Bwana sajeni, perete!" Bambowo njo! kuimirira, masiki ili pachibwano, nsapato imodzi yopanda chingwe. Tayala la lole litaphulika pa M1 anadzigwetsa chafufumimba m'matope, manja kumutu, akunjenjemera. Anyamata aja kikiki, mafoni m'mwamba.

Mukuseka chiyani? Munthuyo akudwala. Si chidakwa chongokonda botolo ayi, akudwala m'mutu, ndipo inu mukumuthirira matendawo m'kapu. Mumati wamisala anaona nkhondo. Eetu, awa anaionadi, inu munaionera pa vidiyo.

Asilikali athu akhala akupita ku DRC, ndipo mu Novembala 2018 asanu ndi mmodzi anafera kufupi ndi Beni. Achikulire ena analondera njanji ya ku Nacala nthawi ya nkhondo ya Renamo ku Mozambique, ife a Ntcheu ndi Dedza tikulandira othawa nkhondo m'makomo mwathu. Maliro tinalira. Nanga obwera amoyowa, amene tulo sabwera mpaka atamwa, ndani anawafunsapo kuti mwagona bwanji?

Korona anangowonjezera moto. Kutchalitchi anthu anachepa, anzawo ocheza nawo pabawo anabalalika, maganyu aulonda anatha. Mu 2021 boma linati mabala azitseka 8 koloko usiku, chabwino, koma mayi wotcheza kachasu kuseri kwa nyumba alibe wotchi.

Ndiye musandiuze kuti "amafuna okha". Inde amafuna okha, wodwala malungo amafunanso kugona padzuwa. Ngati ndalama yakuyabwani m'thumba, agulireni chipisi. Aperekezeni kwawo. Uzani abale awo kuti matenda a maganizo ali ndi chithandizo, ayambire pachipatala cha boma; kuchipatala cha Zomba Mental kapena cha St John of God si kwa anthu ovula okha ayi. Koma kuwamwetsa kuti mupeze choika pa WhatsApp, chimenecho ndi nkhanza. Nkhanza basi.

Ndipo inu akuluakulu amene munaima pomwepo mutanyamula kabichi, n'kumangomwetulira, ndinu amene mwandinyansa kwambiri. Novembala akafika mudzavala kaduwa kofiira pachifuwa, kujambulitsa, ati kukumbukira asilikali. Khalidwe lojambula chilichonseli latikwana. Ngozi ikachitika pamsewu, munthu akutuluka magazi, wina ali kale pa Facebook kufunafuna netiweki.