Mwasiya nkhani ya malamulo

Alembi, mwati mpira wa NFL, ligi ya mpira wa ku America (American football), masiku ano wangokhala woponyerana chifukwa ma quarterback (osewera amene amaponya mpira kwa anzawo) atsopano ali ndi luso kuposa akale. Apo ndakana. Chimene chinasintha kwambiri ndi malamulo.

Kale woteteza ankaloledwa kumugunda wolandira mpira ngakhale ali kutali, bola mpira usanaponyedwe. Mel Blount wa Pittsburgh Steelers ankachita zimenezi mopanda chisoni, moti lamulo la 1978 anthu amalitchula dzina lake. Lamuloli linati kukankhana kuzithera pa mayadi 5 oyamba, ndipo chaka chomwecho anyamata otchinga quarterback analoledwa kutambasula manja. Kuponya kutaphweka chonchi, mu 1984 quarterback Dan Marino anaponya mayadi 5,084. Mu 2004 a NFL anakhwimitsanso lamulo lija, a Colts atadandaula kuti a Patriots akuwagwiragwira. Kodi quarterback Peyton Manning akanaponya mayadi 5,477 mu 2013 pa malamulo akale aja? Ndikukayika.

Koma inu amene mukulemba pano kuti othamanga ndi mpira (ma running back) atha ntchito, dekhani kaye. Matimu atayamba kuika ma safety (oteteza omaliza) awiri kumbuyo poopa mipira yaitali, kutsogolo kunatsala anthu ochepa. Saquon Barkley, running back wa Eagles, anathamanga mayadi 2,005 mu 2024, Eagles n'kudzatenga Super Bowl, fainolo ya NFL, pothibula Chiefs 40-22. Zoona, tsiku limenelo Barkley anamutsekera, anapeza mayadi 57 okha, koma pomwe a Chiefs ankaunjikana pa iye, quarterback wa Eagles Jalen Hurts ankapeza mpata woponya.

Chondiwawa ine n'choti ma running back amalandira ndalama zochepa poyerekeza ndi ma quarterback, chonsecho iwo ndi amene amagundidwa kwambiri.