"Ndinangotumidwa" si chiphaso

Mnyamata wakabaza wagwidwa cha kumalire kuno ku Mchinji akuwolotsa njinga yamoto yobedwa kuti akaisiye ku Chipata, ndiye anthu ali kalikiliki kumuikira kumbuyo, ati iyeyu sanabe, anangotumidwa. Zikundinyansa zimenezi! Wonyamula katundu wobedwa ali ndi mlandu wakewake, kaya sanathyole loko wa munthu.

Gawo 328 la Penal Code, lamulo la milandu ya upandu m'Malawi muno, likuti ukalandira kapena kusunga katundu ukudziwa kuti ngobedwa, kapena pali zokwanira zoti ukanadziwa, ukhoza kukaseweza mpaka zaka 14. Gawo 329 ndiye limagwira wonyamula weniweniyo: akakupeza ndi katundu wokayikitsa, iwe n'kulephera kulongosola kukhoti komwe wamutenga, wapalamula. Ndiye usatiuze kuti sunadziwe. Njinga yopanda kiyi, yolizira mawaya olumikiza, nambala ya chasisi ndi ya injini zopalidwa n'kupakapo penti, blue book palibe, kalata yogulira palibe. Wakutumayo akuti unyamuke usiku, usadzere pa boda ya Mwami pomwe pali apolisi ndi a MRA otolera misonkho, udzere m'tinjira ta m'minda, ndipo akukupatsa ndalama zomwe sungapeze sabata yathunthu pasiteji. Unafuna akulembere pamphumi kuti njobedwa? Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Inde ntchito zikusowa, tikudziwa. Koma tsiku logwidwa foni ya bwana uja imakhala yothima, dzina anakupatsa ndi labodza, wotsala ndi njinga m'manja ndiwe.

Enanu mumaganiza kuti katundu akangodutsa malire ndiye wayera. Ayi. Apolisi athu ndi a ku Zambia amauzana nambala za galimoto ndi njinga zobedwa, ndipo kulowetsa m'Malawi katundu wobedwa kunja ndi mlandunso kuno. Akakugwirira mbali inayo ukayankha m'khoti la ku Zambia, amayi ako azikavutika ndi mapepala pa boda kuti akakuone.

Usanakwere njinga ya munthu, ona ngati nambala ya chasisi ikufanana ndi ya m'blue book, jambula chitupa cha wakutumayo. Akakana, msiyire njinga yake ayendetse yekha.

Nanunso ogula ng'ombe, mumalandira bwanji ng'ombe yofika m'bandakucha, yopanda kalata ya amfumu kapena ya alangizi a ziweto, n'kuipha dzuwa lisanatuluke? Chikopa mumabisiranji?