Zaka zitatu zokha si nkhani yonse

A mtolankhani, mwalemba kuti ku South Africa munthu ali ndi zaka zitatu zokasumira opaleshoni ikalakwika. N'zoona, koma mwasiya msampha waukulu. Ngati chipatalacho ndi cha boma, lamulo la 2002 limati uyambe wapereka kalata yodziwitsa boma kuti ukufuna chipukuta misozi miyezi isanu ndi umodzi isanathe.

Achemwali anga ku Johannesburg anawang'amba pobereka, bala n'kumangotuluka mafinya. Miyezi isanu ndi inayi tinkangoti lipola, mpaka dokotala wina anapeza kuti munatsalira kansalu kopukutira magazi. Titafika kwa loya, funso lake loyamba linali la kalata ija. Ife kukamwa yasa! Mwayi wake masiku amawerengedwa kuyambira pamene wadziwa, kapena pamene ukanatha kudziwa, chimene chinalakwika. Khoti limathanso kukhululukira wochedwa ngati chifukwa chake n'chomveka, koma imeneyo ndi nkhondo inanso yodya ndalama.

Abale muli ku Joni, musadikire kuti muchire kaye. Itanitsani fayilo yanu yakuchipatala msanga. Yathu tinaisaka miyezi itatu.