Mwana womwerekera: ku Canada apita naye kutchire, ku America amuyesa ndalama

Anzathu a ku America mundikhululukire, koma nkhani ya ku Arizona ikundinyansabe. Anthu kumayenda ndi maminibasi oyera m'madera a Anavajo, kutola eni nthaka omwerekera ndi mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, ati akawathandiza ku Phoenix. Kufika uko nkuwaunjika m'nyumba, ena kumawapatsa mowa womwewo, kwinaku akutapa m'maina awo ndalama za Medicaid, thumba la boma lolipirira anthu osauka kuchipatala. Boma la Arizona linaulula izi mu 2023, ndipo zomwe zinabedwa zinaposa madola 2 biliyoni. Mabanja anali yakaliyakali kusaka abale awo osowa.

Ndiye wina azindiuza kuti kumeneko nkotsogola? Kwawoko ngakhale tchire ndi bizinesi. Ku Utah makolo amalipira kampani kuti idzanyamule mwana pakati pa usiku, akamuyendetse m'chipululu mpaka atheretu. Aaron Bacon, wa zaka 16, anafera komweko mu 1994, omuyang'anira akuti akunamizira kudwala.

Kuno ku Canada tchire amalitenga mwina. Ku Sheshatshiu, m'chigawo cha Labrador, malo othandizira achinyamata a Charles J. Andrew amapita nawo kuthengo komwe makolo a mtundu wa Innu ankasaka. Amagona m'tenti ya kanivasi, pansi atayala nthambi za mitengo yonunkhira, mbaula ya nkhuni ikuyaka pakona. Mwana amene dzulo amanunkhiza petulo m'jumbo, lero agogo akumuonetsa kutchera ukonde ndi kutumbula nsomba, akumulankhula m'chinenero chake. Agogowo ali ngati anamkungwi akwathu, kusiyana kwake nkwakuti boma limaikapo ndalama. Pologalamu ya boma yothana ndi uchidakwa pakati pa eni nthaka inakhazikika mu 1982, ndipo ya ana onunkhiza petulo inabwera mu 1995.

Komatu musaganize kuti Canada ndi mngelo. Matendawa anawaputa yekha. Mu 1967 boma linasamutsira a Innu ku Davis Inlet, mudzi wa pachilumba, kutali ndi nyama za caribou zomwe zinali moyo wawo. Pofika 1993 dziko lonse linaonera pa TV ana asanu ndi mmodzi m'chisakasa chozizira, ataledzera petulo, akukuwa kuti akufuna kufa. Anawakweza ndege ulendo ku Poundmaker's Lodge, malo othandizira eni nthaka omwerekera ku Alberta, ndipo atabwerera kumudzi wopanda madzi a m'mipope uja, ambiri anayambiranso. Nanga akanatani? Apa mpamene anthu anayamba kuumirira kuti mwana achiritsidwire kwawo.

Ndivomerenso kuti America ili ndi zake zabwino. Project Venture ya ku Gallup, New Mexico, imatenga ana kukakwera mapiri ndi kupalasa mabwato asanalowerere, ndipo anthu a kuno anakoperako. Indian Health Service, nthambi ya boma yoona zaumoyo wa eni nthaka, nayo ili ndi malo angapo ogonekako achinyamata, koma dziko lalikulu chonchija, ana ambiri amakagonekedwa kutali ndi kwawo.

Chomwe chimandiseketsa nchakuti Medicaid inavomera kulipira machiritso a makolo mu Okutobala 2024, m'zigawo zinayi zokha: Arizona, California, New Mexico ndi Oregon. Thumba lomwelo linkalipira akuba a ku Phoenix mosafunsa, koma sing'anga wa Chinavajo anadikira zaka zonsezo kuti amudindire kapepala.